Kodi Ahindu amanena chiyani akamaimba m'bandakucha?

A mfumu, abusa, a shehe, amayi ndi abambo nonse, zikomo pondipatsa mpata. Mwandipempha kuti ndifotokoze za mapemphero a Ahindu, aja amaimba mobwerezabwereza aja. Ambiri a ife timawadziwira m'sitolo ku Limbe kapena ku Lilongwe, n'kumangoti onsewo ndi Amwenye, osadziwa kuti ena ndi Asilamu, ena ndi Ahindu, ndipo kapembedzedwe kawo n'kosiyana kwambiri. Ndineneretu kuti sindinabwere kudzatembenuza munthu. Abusa musade nkhawa, nkhosa zanu mubwerera nazo zonse. (kuseka)

Nkhaniyi kwawo ndi ku India. Kumeneko kuli mabuku anayi akale otchedwa Veda, ndipo lakale kuposa onse ndi Rig Veda. Muli nyimbo 1,028, zogawidwa m'magawo 10, mavesi ake oposa 10,000, m'chinenero cha Sanskrit. Akatswiri a mbiri amati zinapekedwa cha m'ma 1500 mpaka 1200 Yesu asanabadwe, m'dera la Punjab. Koma Mhindu wodzipereka sangakuuzeni kuti zinapekedwa. Iye amati anzeru akale, amene amawatcha rishi, anachita kuzimva. Ndiye poti zinabwera kudzera m'khutu, ziyenera kuyendabe kudzera m'khutu, kuchoka pakamwa pa mphunzitsi kupita kwa mwana.

Ndanena kuti mabuku, koma kwa zaka mazanamazana panalibe pepala. Zonsezo zinali m'mutu. Mwina wina akuti, aa, zoloweza pamtima zimasintha, nthano imene agogo anandiuza ine si mmene ndimaifotokozera kwa adzukulu. Zoona. Iwonso ankadziwa zimenezo, ndiye anakonza njira yotsekera mpata. Tiyeni tiyesere limodzi, mumvetse. Titenge mawu atatu athuathu: mvula yagwa lero. Mwana amayamba waloweza chiganizo chonse monga chilili. Kenako amanena liwu lililonse palokha. Kenako awiriawiri: mvula yagwa, yagwa lero. Akatha pamenepo amayamba kuluka, kupita kutsogolo ndi kubwerera: mvula yagwa, yagwa mvula, mvula yagwa. Imeneyo amaitcha jata. Ndiye pali yovuta kuposa zonse, ghana. Tamverani: mvula yagwa, yagwa mvula, mvula yagwa lero, lero yagwa mvula, mvula yagwa lero. Tanenani nonse. (anthu akuyesera, kuseka) Mwaona? Mawu atatu okha malilime apotana kale. Tsono ganizirani munthu wochita zimenezi ndi mavesi masauzande. Liwu limodzi likasowa kapena likasuntha, ndondomeko yonse imagwa, ndipo mphunzitsi amamva pomwepo. N'chifukwa chake mu 2003 bungwe la UNESCO linaika kaimbidwe ka Veda m'gulu la chuma cha anthu onse chosungidwa pakamwa.

Ndipo si mawu okha. Kukweza ndi kutsitsa kwa liwu nakonso kuli ndi malamulo ake. Ife zimenezi sizingativute kumvetsa, chifukwa mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga pa msika timazisiyanitsa ndi kamvekedwe basi. Iwo ali ndi nkhani yochenjezera ana pa zimenezi. Amati mulungu wina dzina lake Tvashtr, mwana wake ataphedwa ndi Indra, mfumu ya milungu, anapsa mtima n'kuthira nsembe pamoto kuti patuluke chilombo chokabwezera. Ankafuna kunena kuti "kula, iwe wopha Indra". Koma anakweza liwu pamalo olakwika, ndiye mawu aja anatanthauza "kula, iwe wodzaphedwa ndi Indra". Chilombo chija, Vritra, chinabadwadi, chinakula, ndipo Indra anachipha. Mwana akamva nkhani imeneyo sachitanso ulesi pa kalasi.

Tsono tibwere pa funso lenileni: akunena chiyani? Nditenga pemphero limodzi limene pafupifupi Mhindu aliyense amalidziwa, la Gayatri. Lili mu Rig Veda, gawo 3, nyimbo 62, vesi 10, ndipo amati anayamba kulimva ndi Vishvamitra, mmodzi wa anzeru akale aja. Ndi lalifupi. Mizere itatu, ndipo mwa lamulo la ndakatulo yake mzere uliwonse umakhala ndi maphatikizo 8, onse pamodzi 24. Limamveka chonchi: tat savitur varenyam, bhargo devasya dhimahi, dhiyo yo nah prachodayat. M'Chichewa tingati: tisinkhesinkhe za kuwala kokoma kwa Savitr, mulungu wa dzuwa, iye atsitsimutse ndi kutsogolera maganizo athu.

Basi, lathera pomwepo. Taonani zimene mulibe. Mulibe ng'ombe, mulibe ndalama, mulibe kuti adani anga agwe. Osati kuti mu Rig Veda mulibe zopempha zoterozo, zilimo zambiri, anthu aja ankakonda ng'ombe zawo. Koma vesi imene anaisankha kuti ikhale ya tsiku ndi tsiku, m'bandakucha, masana ndi madzulo, ndi yopempha nzeru zowala. Ndipo sakuti maganizo anga, akuti maganizo athu. Munthu ali yekhayekha m'mphepete mwa mtsinje, koma akupempherera mitu ya anthu onse. Ine pamenepa ndimapaona kuti ndi pamtima pa nkhani yonse.

Ndikujambulireni mmene zimachitikira. Munthu amadzuka dzuwa lisanatuluke, amasamba, n'kukhala pansi atayang'ana kum'mawa. Amatunga timadzi m'chikhatho cha dzanja lamanja n'kupsontha katatu. Amapuma mwadongosolo, kukoka mpweya, kuugwira, kuutulutsa. Kenako amatapa madzi ndi manja onse awiri n'kuwathira moyang'ana kumene dzuwa likutulukira. Akatero ndiye amayamba kubwereza. Ambiri amakhala ndi mikanda 108 pa chingwe, ya njere za rudraksha kapena ya mtengo wa tulsi. Anzathu a kolona ndi a tasibihi apa sakudabwa. Mikandayo amaikoka ndi chala chachikulu, itatsamira pa chala chapakati, cholozera osakhudzako. Pali mkanda umodzi waukulu wosawerengedwa. Akaufika saudumpha, amatembenuza chingwe n'kubwerera. Ena dzanja lonse amalilowetsa m'kathumba kansalu, kuti pemphero lisakhale la chionetsero. Ndipo amaphunzitsa kuti kunena mokweza n'kwabwino, kunong'ona n'kwabwino koposa, koma kunena mumtima milomo osagwedezeka ndiye kopambana zonse.

Kutsogolo kwa mapemphero ambiri kumakhala liwu lija mwalimvapo, Om. Kabuku kena kakafupi kwambiri, Mandukya Upanishad, ka mavesi 12 okha, nkhani yake ndi imeneyo. Kamati muli mamvekedwe atatu, a, u, m. Koyamba ndi munthu ali maso, kachiwiri ndi munthu akulota, kachitatu ndi tulo tofa nato topanda maloto. Ndiye pali chachinayi, bata limene limatsala liwu likatha, ndipo amati umo ndi mmene muli munthu weniweni, amene sasintha kaya ali maso kaya ali m'tulo. Woimba bwino sathamangira kuyambanso. Amamvetsera kaye batalo.

Nanga phindu lake? Eni ake amatchula zingapo, ndipo ndizinena monga iwo amakhulupirira. Amati mtima wa munthu sukhazikika, umangodumphadumpha, dzulo, mawa, ngongole, mnansi uja anandinena. Mukaupatsa mawu amodzi oti ubwererepo nthawi zonse, pang'onopang'ono umaphunzira kukhala pamodzi. Amati kubwereza kumatsuka mtima, mkwiyo ndi dyera zimachepa mphamvu. Ndipo kwa opembedza Krishna, Rama kapena Shiva, amati dzina la Mulungu ndi Mulungu mwini n'chimodzi, ndiye ukalitchula uli naye pomwepo. M'buku lawo lina lopatulika, Bhagavad Gita, mutu 10, Krishna akunena kuti mwa nsembe zonse iye ndiye nsembe ya kubwereza pemphero. Taganizani. Chipembedzo chimene chinayamba ndi nsembe zazikulu za moto, zofuna ansembe ambiri ndi chuma chambiri, chikufika ponena kuti nsembe yopambana ndi imene mmphawi angathe kupereka atakhala pa mkeka.

Koma pali chenjezo, ndipo ndi lawo lomwe. Patanjali, amene analemba malangizo a yoga, anati Om uzimubwereza uku ukusinkhasinkha tanthauzo lake. Pakamwa pakamayenda mutu uli ku msika, wangotopetsa chala. Kunena zoona Ahindu okhaokha akhala akutsutsana pa zimenezi kuyambira kale, ena amati mphamvu ili m'kamvekedwe ngakhale usamve tanthauzo, ena amati ayi. Ine ndili mbali ya Patanjali.

Za thupi nazo zilipo pang'ono. Mu 2001 magazini ya madokotala ya British Medical Journal inasindikiza kafukufuku wa Luciano Bernardi ndi anzake. Anapeza kuti anthu akamanena kolona m'Chilatini, kapena akamabwereza mantra, amene ndi mawu a pemphero obwerezabwereza ngati awa, kapumidwe kawo kamatsika kufika pafupifupi ka 6 pa mphindi, ndipo zimenezo zimayenda bwino ndi kagundidwe ka mtima. N'zomveka. Koma musachoke pano n'kumakati aphunzitsi aja anena kuti kuimba kumachiza BP. Mankhwala imwani.

Poti tatchula matenda, pali pemphero lina limene amaimbira odwala ndi amene ali pafupi kutsirizika. Lili mu Rig Veda momwemo, gawo 7, nyimbo 59, vesi 12, ndipo amapemphera kwa wa maso atatu, amene Ahindu amati ndi Shiva. Mawu ake amati: monga nkhaka imathothoka pa phesi lake, ndimasulidwe ku imfa, koma osati ku moyo wosafa. Aphunzitsi awo amafotokoza kuti chipatso chikapsa sichichita kukhadzulidwa, chimalekana ndi mpesa wake chokha, popanda bala. Ndiye pa bedi la wodwala, achibale akamaimba, ena akupempha kuti achire, koma mawu omwewo akuthandizanso wodwalayo kuti nthawi ikakwana achoke wopanda mantha, osakakamira.

Mayi kumbuyoko mwakweza dzanja. Ee, nenani. (funso) Akufunsa kuti nanga ndakhala ndikungoti mwana, mwana, atsikana analipo? Mwafunsa bwino mayi, chifukwa apa ndi pamene pali chilonda. Kwa zaka zambiri, Gayatri ankamunong'oneza m'khutu mnyamata pa mwambo wa upanayana, pamene amavekedwa chingwe chopatulika paphewa, ndipo mwambowo unali wa anyamata a magulu atatu apamwamba okha mwa magulu anayi amene anthu ankagawidwa potengera kubadwa. Akazi ambiri, anthu a gulu lapansi la Shudra, ndi aja ankatchedwa osakhudzidwa, ankaletsedwa. Mabuku ena akale a malamulo anafika poika chilango kwa Shudra wongomvetsera Veda. Pemphero lonena kuti maganizo athu, koma ambiri atatsekeredwa kunja. Zimenezo sindingazikometse.

Koma kutsutsa kunachokeranso mkati mwawo momwemo. Chaitanya, amene anabadwa mu 1486 ku Navadvip, m'dera la Bengal, anatulutsa kuimba dzina la Krishna n'kupita nako mumsewu, ndi ng'oma ndi tizitsulo toomba, aliyense n'kumalowa. Aja mumawaona pa TV atavala zachikasu akuimba Hare Krishna ndi mphukira ya ntchito yake. Bungwe lawo linakhazikitsidwa ku New York mu 1966, ndipo wolumbira kumeneko amalonjeza kuzungulira mikanda 108 ija ka 16 tsiku lililonse. Mu 1875, Dayananda Saraswati anayambitsa bungwe la Arya Samaj ku Bombay, n'kumaphunzitsa kuti Veda ndi ya aliyense, mkazi ndi mwamuna, wa mtundu uliwonse. Lero ku Haridwar, kumpoto kwa India, pa malo otchedwa Shantikunj, akazi amatsogolera okha mapemphero a Gayatri. Alipobe ena okakamira zakale amene sagwirizana nazo, koma Gayatri tsopano akuimbidwa m'masukulu, pa wailesi, ngakhale pa foni.

Bambo uko akufunsanso za mawu aja amamalizira, shanti, shanti, shanti. Ndi mtendere. Amanena katatu chifukwa amati mavuto amachokera kutatu: m'thupi ndi mumtima mwako, kwa anthu ndi zamoyo zina zokuzungulira, ndi ku mphamvu zoposa munthu monga chilala ndi madzi osefukira. Aliyense mwa atatuwo amapatsidwa shanti wake.

A mfumu, ndaona a komiti akundilozera wotchi. Amene mukufuna mawu a Gayatri aja, ndawalemba pa bolodi pamodzi ndi Chichewa chake, mukopere tisanafufute. Zikomo kwambiri.