Maliro amene wailesi sinawawerenge

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Muli kumbuyoko senderani kuno, mawu angawa safika patali.

Mukuukumbukira Januwale wa 2021? Pa 12, tsiku limodzi, tinataya nduna ziwiri ndi COVID-19, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Madzulo aliwonse wailesi inkalengeza kuti lero COVID-19 yatenga anthu akutiakuti. Komatu amenewo anali okhawo amene anayezedwa n'kupezeka nayo. Gogo uja anabanika usiku ali pamphasa, m'mawa adzukulu n'kuyamba kukumba, sanalowe m'chiwerengero.

Ku Lusaka, mu 2020, ofufuza anayeza mitembo 364 kumotchale ya chipatala cha UTH. Pa mitembo 70 anapeza kachilomboka. Oyezedwa ali moyo pa anthu 70 amenewo? Asanu ndi mmodzi basi. Ambiri anafera kunyumba.

Ndiye akatswiri amasiya kaye kufunsa kuti wafa ndi chiyani, n'kuwerenga maliro onse. Adzukulu muli panowa mukuidziwa kale ntchitoyi. Tiyerekeze kuti zaka zam'mbuyomu mumakumba manda 20 pachaka, mwina kuposa pang'ono, mwina kuchepera. Chaka cha mliri mwakumba 32. Manda 12 apamwambawo ndiwo imfa zoonjezera. Bungwe loona zaumoyo la WHO litawerenga motere dziko lonse lapansi, linati mu 2020 ndi 2021 imfa zoonjezera zinali pafupifupi 14.9 miliyoni, pomwe maboma anali atalengeza 5.4 miliyoni.

Koma chenjerani, si onse 12 aja amene anaphedwa ndi kachilombo. Mulimo mayi woyembekezera amene anachirira pakhomo poopa chipatala. Mulimo bambo amene analeka kukatenga ma ARV, ati akandiyeza n'kunditsekera. Mliri unawatengabe, koma podzera kuseri. Komanso mudzi umodzi ndi waung'ono: ngozi imodzi ya minibasi isokoneza masamu onse, n'chifukwa chake amaphatikiza midzi yonse ya m'boma lathunthu.

Ku South Africa, kumene imfa zambiri zimalembedwa, boma linalengeza kuti COVID-19 yatenga anthu oposa pang'ono 100,000, imfa zoonjezera zili cha m'ma 300,000. Wina amati, "Ife kuno 2,600 ndi kanthu, Mulungu anatikonda." Mwinadi, poti ambiri ndife achinyamata. Koma ine ndimakayika, chifukwa maliro akumudzi ochuluka sakafika m'kaundula wa NRB, nthambi ya boma yolemba obadwa ndi omwalira.

A mfumu, buku lija lolembamo omwalira mwabwera nalo? Titsegule pa 2019, tiwerengere limodzi.