Khalidwe la munthu wa mu ambulansi: nanga tiliyeza ndi chiyani?

Zikomo amayi a pampando. Zikomo nonse, makamaka inu amene mwachokera kuntchito ya usiku n'kubwera kuno musanagone. Mwandiitana chifukwa ana athu angapo akufuna kukhala maparamediki, aja amafika ndi ambulansi mukaimba 999, ndiye makolo mukufunsa kuti kusukuluko amawayesa zotani.

Poyamba, kuno ku Britain dzina loti paramediki si lodzipatsa. Munthu ayenera kukhala m'kaundula wa HCPC, bungwe loyang'anira maparamediki ndi ena ogwira ntchito zaumoyo, ndipo kuyambira 2021 woyamba maphunzirowa amafunika kufika pa digiri. Pakatha zaka ziwiri zilizonse amalembetsanso, ndipo bungwelo limasankhapo 2.5 peresenti kuti abweretse umboni woti sanasiye kuphunzira.

Tsono luso la manja n'losavuta kuliyeza. Wophunzira akamapsinja chifuwa cha chidole kuti adzutse mtima, chidolecho chimawerenga chokha: kodi wapsinja ka 100 mpaka ka 120 pa mphindi? Kodi dzanja likulowa masentimita 5 mpaka 6? Pamenepo palibe kukangana.

Vuto lili apa. Agogo agwa m'bafa 3 koloko usiku, ali chibadwire, akuchita manyazi. Paramediki walowa. Kodi ayamba wawafunditsa kaye, kapena angoyamba mafunso? Akuwalankhula iwowo, kapena akulankhula ndi mdzukulu ngati agogowo ndi mpando? Dokotala kuchipatala amakhala pakati pa anthu ambiri omuona. Uyu ali m'nyumba ya eni, iye ndi mnzake basi, bwana kulibe. Chidole choyezera zimenezi sichinapangidwe.

Njira imodzi n'kumupatsa munthuyo pepala la mafunso kuti adziyeze yekha. Ofufuza a ku yunivesite ya Durham anachitapo zotere ndi maparamediki ndi ophunzira awo, atatumidwa ndi HCPC. Zimathandiza ndithu, koma ine sindizikhulupirira kwambiri. Paja anyani amasekana zikundu, chake palibe amachiona. Ndani angachonge kuti "ine ndimanyoza odwala"? N'chifukwa chake amafunsanso amene akumuphunzitsa m'galimotomo. Komanso naye ndi munthu, akhoza kukondera mwana woseka naye pa tiyi.

Njira imene imandigwira mtima ndi ina, inachokeranso ku Durham komweko cha m'ma 2009, poyamba kwa ophunzira udokotala. Anati tisiye kufunsa maganizo a anthu, tiwerenge tinthu tating'ono tooneka. Wabwera m'kalasi? Wapereka ntchito pa tsiku lake? Pepala la katemera lija anamuuza wabweretsa? Mukuseka, koma dikirani. Ku America mu 2005 anaunika madokotala 235 amene analangidwa ndi mabungwe owayang'anira, n'kubwerera kukaona mafayilo awo a kusukulu. Anapeza kuti amene ankaonetsa kale khalidwe losayenera akadali ophunzira, mpata woti adzalangidwe unali wochuluka katatu. Amenewo anali madokotala, osati maparamediki, tisasakanize. Koma ndikaona wophunzira amene sayang'ana ngati silinda ya okosijeni yadzaza asananyamuke, ndimadziwa kuti nkhani yake ndi yomweyo.

Ngakhale pamenepo kuwerengako kuli ndi malire. Ndinagwirapo ndi munthu wina wosachedwa n'kamodzi komwe, yunifolomu yosita bwino, mapepala onse m'malo mwake, koma akalowa m'nyumba ya munthu woledzera nkhope imasintha. Pa pepala akanakhoza zonse. Ndipo chimene chili ulemu m'nyumba iyi chikhoza kukhala chipongwe m'nyumba inayo. Mzungu wina wachikulire amakondwa mukamutchula dzina lake loyamba. Yesani kutero kwa bambo wa kwathu, muone. A ku Durham aja anaonanso zomwezo, kuti mbali yaikulu ya khalidweli ndi kudziwa kuwerenga pamene wafika.

Ndiye amayi munafunsa kumbuyoko kuti mwana wanu akonzekere bwanji. Akayamba kukwera ambulansi adzapatsidwa buku limene womuphunzitsa amasainamo zimene waona. Muuzeni kuti asamangosaka siginecha ayi, azimufunsa mphunzitsiyo kuti, "M'nyumba muja ndinalankhula bwanji?" Ndipo pepala la katemera lija apereke sabata yoyamba. Ndaona dzanja uko, bambo, funsani.