Palibe amene watilemba ntchito

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? M'mawa uno titsegule Mateyu 20:1-16, fanizo la antchito a m'munda wa mpesa.

Ambiri tikamawerenga fanizoli timathamangira kumapeto, pomwe amene anagwira tsiku lonse akudandaula za malipiro. Ine lero mtima wanga waima pa vesi 6 ndi 7. Mwini munda analawirira mbandakucha kukalemba anthu. Anatulukanso cha m'ma 9 koloko, kenako 12 koloko, kenako 3 koloko. Pofika 5 koloko, kutatsala ola limodzi kuti anthu aweruke, anapeza ena akadali chiimire. Atawafunsa chifukwa chake angoima tsiku lonse, anayankha kuti palibe amene wawalemba ntchito.

Yankho limeneli ndimalidziwa, ndinalinenapo ndi pakamwa panga. Chaka chimene kuntchito kwathu anachepetsa anthu, ndinali m'gulu loyamba kulandira kalata. Ndinali ndi malaya amodzi oyera opitira ku intavyu. Ndinkawachapa madzulo, m'mawa n'kuwasita, mpaka kolala inayamba kutha. Envelopu ya mapepala anga a sukulu inachita kuda m'mbali ndi thukuta la m'manja. Kulikonse mawu anali amodzimodzi: "Tikuyimbirani." Foni ndinkagona nayo kumutu, ikangolira mtima phaa, koma n'kupeza ndi uthenga wa malonda. Ndipo chimene chinkandilasa kwambiri sikunali kusowa ndalama ayi, koma funso lija la anthu okufunira zabwino: "Nanga masiku ano mukupanga chiyani?" Ndinafika poyamba kuzemba anzanga, ngakhale kutchalitchi ndinkatuluka anthu asanayambe kupatsana moni.

M'bale wanga amene muli pamenepo lero, imvani ichi. Chuma chikasokonekera, anthu amachepetsa kugula. Malonda akachepa, makampani amayamba ndi kusiya kulemba anthu atsopano, kenako amachotsa ena mwa omwe alipo. Ochotsedwawo nawonso amasiya kugula, vuto n'kumakulirakulira. Malo amodzi akatsatsidwa, makalata amabwera mulu. Ku United States m'chaka cha 1933, munthu mmodzi mwa anayi alionse oyenera kukhala pa ntchito analibe ntchito. Bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, linawerengera kuti maola a ntchito amene anatayika padziko lonse mu 2020, nthawi ya Covid-19, anali ofanana ndi ntchito za anthu 255 miliyoni ogwira tsiku lathunthu. Kodi anthu onsewo anangosanduka alesi usiku umodzi? Ayi ndithu. Kalata yanu ikapanda kuyankhidwa, sikuti Mulungu wakufulatirani kapena kuti muli ndi tsoka la kumtundu.

Ena amakonda kutiponyera 2 Atesalonika 3:10, ati wosagwira ntchito asadye. Werengani bwino vesilo. Paulo akunena za munthu amene safuna kugwira ntchito, osati amene nsapato zamuthera poyifunafuna. Ngakhale mwini munda uja atamva yankho lawo sanawakalipire, sanawafunse zambiri. Anangowauza kuti nawonso apite kumunda.

Koma chimene chimandigwira mtima ndi chakuti 5 koloko inawapeza akadali pomwepo. Taganizani. Anaona anzawo akusankhidwa m'mawa, iwo n'kutsala. Masana chimodzimodzi. Dzuwa linawaotcha mpaka kupendeka, ndipo aliyense wanzeru akanati lero zakanika, tiyeni kunyumba. Iwo sanachoke pamalo pomwe wolemba ntchito akanawapeza. Manyazi amatiuza kuti tidzitsekere m'nyumba, koma amene wabisala salembedwa. Uzani anthu kuti mukufuna ntchito, ndipo nenani mwachindunji zimene mumatha. Ntchito yomwe ndinadzaipeza ine inadzera kwa munthu amene ndinakhala ndikumuzemba miyezi ingapo. Ganyu akapezeka musamunyoze poti muli ndi satifiketi. Paulo yemweyo ankasoka mahema ku Korinto (Machitidwe 18:3). Chenjerani kokha ndi akamberembere amene amachuluka nthawi ngati zino, omwe amati mutumize kaye ndalama kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda. Wolemba ntchito weniweni sagulitsa malo.

Madzulo atakwana, amene anagwira ola limodzi analandira dinari yathunthu, malipiro a tsiku lonse. Chilamulo chinkati waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, chifukwa mtima wake uli pamenepo (Deuteronomo 24:15). Mwini munda ankadziwa kuti mwana wa munthu wolembedwa 5 koloko amamva njala yofanana ndi mwana wa wolembedwa mbandakucha. Sindingakulonjezeni kuti foni ilira lero. Kwa ine inatenga nthawi, ndipo masiku ena ndinkapemphera misozi ili m'maso. Koma Mulungu amene Yesu akutionetsa apa ndi wobwererabwerera kumsika, kasanu pa tsiku limodzi.

Inu amene muli pa ntchito, pali wina m'foni mwanumo amene wangoti zii masiku ano. Muimbireni lero. Mukamva za malo, mutumizireni. Musamufunse kuti zafika pati. Mufunseni kuti mungamuthandize chiyani.

Tipemphere. Atate, mukuwaona ana anu amene asita malaya m'mawa uno osadziwa kolowera. Mukudziwa lendi imene yatsala masiku ochepa, ndi ana amene akudikira fizi. Achotsereni manyazi, alimbitseni miyendo, atetezeni kwa onyenga. Fewetsani mitima ya amene akuwerenga makalata awo lero, ndipo patsani nzeru amene akuyendetsa chuma cha mayiko. Amene wafooka, mutumizireni munthu womulimbikitsa dzuwa lisanalowe. M'dzina la Yesu, ameni.