Mtedza ukalowa kumapapo kwa mwana: chimene madotolo amaopa pouchotsa

[Kamera pa mbale ya mtedza wokazinga, kadzanja ka mwana kakutapamo]

Taonani kanjere aka. Mwana wosakwana zaka 3 alibe mano okwanira otafunira, ndiye amangokamumunya uku akuthamanga. Akaseka kapena kulira, kanjereko kamaphonya njira ya chakudya n'kulowa njira ya mpweya. Amatsamwa, kutsokomola mpaka misozi, kenako zii. Amayi n'kuti chatsika. Nthawi zambiri sichinatsike ayi, changokakhala m'kanjira kolowera m'phapo.

Kuno ku Blantyre ana otere amathera ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth, komwe kulinso Mercy James Centre yomwe inatsegulidwa mu 2017 yosamalira ana ofunika opareshoni ndi odwala mwakayakaya.

[Chithunzi cha kachubu kachitsulo kokhala ndi nyali]

Pochotsa sang'amba pachifuwa. Amamugoneka mwanayo ndi mankhwala, n'kulowetsa kachubu kachitsulo aka kudzera pakamwa, dzina lake bronchoscope. Njirayi ndi yakale: dotolo wa ku Germany, Gustav Killian, anachotsa nayo fupa m'njira ya mpweya ya mlimi wina mu 1897.

Vuto lili apa. Njira ya mpweya ndi imodzi, koma oifuna awiri. Dotolo wochotsa akufuna malo a zitsulo zake, wogonetsa akufuna kupitirizamo okosijeni, ndipo kanjirako kukula kwake n'kofanana ndi kachala kakang'ono ka mwanayo. Komanso thupi la khanda limadya okosijeni pafupifupi kawiri kuposa la munthu wamkulu tikayerekeza pa kilogalamu iliyonse, pomwe mpweya wosungika m'mapapo mwake ndi wochepa. Wamkulu akasiya kupuma, pamapita mphindi okosijeni asanatsike. Kwa khanda ndi masekondi chabe.

[Kachipangizo kopana chala, nambala ikuoneka 98, kenako 91, kenako 85]

N'chifukwa chake wogonetsa maso ake sachoka pa nambala iyi, yomwe imaonetsa kuchuluka kwa okosijeni m'magazi. Mwana wabwinobwino amakhala pa 95 kupita m'mwamba. Ikatsika pansi pa 90 amauza mnzakeyo kuti ayambe waima, ampatse kaye mwana mpweya, nambala ikwere, ndiye apitirize. Akachedwa, mtima wa mwana umayamba kugunda pang'onopang'ono, ndipo ubongo supirira mphindi zambiri wopanda okosijeni.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene chinthucho chagwidwa kale, chikutuluka. Chikapulumuka pa kapani n'kutsakamira pakholingo, chimatseka mapapo onse awiri, pomwe poyamba chinatseka limodzi. Zikatero dotolo amachikankhiranso pansi dala, kuti phapo limodzi lipume, kenako n'kuyambiranso. Zomveka ngati zobwerera m'mbuyo, koma ndi zimene zimapulumutsa mwana.

Mtedza uli ndi nkhanza zakezake. Mafuta ake amatupitsa kanjirako, iwo umafewa n'kumanyenyeka ukagwidwa, ndipo pa ekisire suoneka ngati mmene imaonekera ndalama yachitsulo. Ukakhalamo masiku, mwana amabwera ali kale ndi chibayo, phapo lina silikugwira bwino. Wotereyo okosijeni wake amatsika msanga kuposa amene wabwera tsiku lomwelo. Ine chimandiwawa n'chakuti ana ena amamwa mankhwala a chifuwa sabata ndi sabata, chifukwa palibe anatchula za kutsamwa kuja.

[Wofotokoza akuyang'ana kamera]

Ndiye mukafika kuchipatala, nenani zonse: anatsamwa liti, ankadya chiyani, milomo inada kapena ayi. Akakufunsani kuti wadya nthawi yanji, musabise kaphala kamene mwampatsa panjira chifukwa cha chisoni. Akasanza ali m'tulo ta mankhwala, kaphalako kamalowanso kumapapo. Kawirikawiri amadikira maola 6 chidyereni, pokhapokha ngati mwana akubanika kwambiri moti sangadikire.

Chinthucho chikachoka, musadabwe kumuona mwana ali ndi timachubu ta okosijeni m'mphuno. Kanjirako kamakhala katatupa, ndipo anamwino amamuyang'anirabe mpaka kapumidwe kake kakhazikike. Mukamva kaphokoso kachilendo akamakoka mpweya, kapena pansi pa nthiti pakulowa m'kati, itanani namwino nthawi yomweyo.