Chilonda chikakana kupola: za makina a okosijeni aja

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo a kuno ku Thyolo. Ena mwa inu mwakhala mukufunsa za makina a mpweya amene akuti amapoletsa zilonda zakale. Ndiyankhe lero.

Chilonda chimapola ndi magazi, chifukwa ndi amene amafikitsa okosijeni pa mnofu. Munthu wa shuga mitsempha ya kumapazi imawonongeka, phazi limachita dzanzi. Wathyola tiyi tsiku lonse kamwala kali m'nsapato, iye osamva kanthu. Kachilonda kayamba, koma magazi sakufikapo bwino. Pakatha mwezi, mafinya okhaokha.

Chithandizo cha makina aja madokotala amati hyperbaric oxygen. Wodwala amalowa m'chipinda chotsekedwa ndithu, amapoperamo mpweya mpaka mphamvu yake ikhale kawiri kapena kuposerapo pang'ono poyerekeza ndi ya panja pano. Mpweya tikupumawu okosijeni ndi 21 peresenti, koma mmenemo amapuma okosijeni yekhayekha. Mwaona mmene mpweya umakhalira m'madzi a Fanta botolo lisanatsekulidwe? Okosijeni nayenso amalowerera m'madzi a m'magazi, n'kukafika pomwe samafika. Asilikali a m'thupi amapha tizilombo bwino, timitsempha tatsopano n'kuyamba kumera.

Si za tsiku limodzi ayi. Munthu amakhalamo pafupifupi maola 2 pa tsiku, masiku 5 pa sabata, kawirikawiri maulendo 20 mpaka 40. Makutu amatseka ndipo amatha kupweteka, shuga amatha kutsika, ndipo machesi kapena mafuta odzola saloledwa chifukwa moto umayaka msanga mmenemo. Okosijeni wa m'mphuno amene mumamuona ku wodi si ameneyu, wina asakunamizeni.

Chomwe chimandiwawa n'choti tikulakalaka makina a kutali pomwe miyendo ikudulidwa chifukwa chochedwa. Ngakhale komwe makinawa ali, amayamba atsuka chilonda, kuchotsa mnofu wakufa, kutsitsa shuga, kuthana ndi tizilombo, n'kuletsa munthu kupondera phazilo. Zikakanika kwa mwezi wathunthu m'pamene amaganiza za chipinda chija. Zoyambazo zimachitika konkuno, ku chipatala cha boma pa Thyolo kapena ku Malamulo, ndipo zikavuta amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Ndiye amene muli ndi shuga, madzulo aliwonse yang'anani mapazi, m'kati mwa zala momwe. Maso akavuta, mdzukulu akuyang'anireni. Phulusa, dothi, mafuta a galimoto, musapake pa chilonda. Chikakhala chisakusintha, kapena chayamba kununkha kapena kuda, bwerani ku chipatala tsiku lomwelo, musadikire malipiro a ku esiteti.

Amayi kumbuyoko mwakweza dzanja, funsani.