Kutseka intaneti yonse, kusiyako imelo yokha: sefa ya olowa pa dial-up

Moni nonse. Lero tiona mmene mungakonzere sefa kuti munthu wolowa pa netiweki kudzera pa modemu ndi foni yapansi azitha kutumiza ndi kulandira imelo basi, zina zonse zikhale zotseka. M'zaka za m'ma 1990 makampani ena opereka intaneti ankagulitsa maakaunti otere pamtengo wotsika. Musathawe poti nkhaniyi ndi yakale: nzeru yake ndi yomweyo imene mungagwiritse ntchito lero pa rauta ya mu ofesi.

Munthu akaimba, modemu imayankha, PPP (njira yolumikizira kompyuta ku netiweki pa foni) imalumikiza, kenako makina olandira mafoni aja amafunsa seva ya RADIUS, yomwe imatsimikizira olowa, ngati dzina ndi pasiwedi zili zolondola. RADIUS inayambira ku kampani ya Livingston Enterprises mu 1991. Ikamavomera munthu, imathanso kutchula dzina la sefa yoti aikiridwe, kudzera m'gawo lotchedwa Filter-Id, nambala 11. Mvetsani bwino apa: RADIUS imangotumiza dzina. Sefa yeniyeniyo iyenera kukhala italembedwa kale pa makina olandira mafoniwo.

[Pa sikirini]

access-list 110 permit udp any host 192.0.2.53 eq 53
access-list 110 permit tcp any host 192.0.2.10 eq 25
access-list 110 permit tcp any host 192.0.2.10 eq 110
access-list 110 deny ip any any

Umu ndi mmene imalembedwera pa makina a Cisco, ndipo maadiresiwa ndi achitsanzo chabe. Sefa ili ngati mlonda wa pageti amene wapatsidwa mndandanda: amawerenga kuchokera pamwamba, akapeza mzere wogwirizana ndi mlendoyo amachita zomwe walamulidwa, sapitirizanso. Mukaika mzere wa deny, wokaniza zonse uja, pamwamba, mwatsekera aliyense.

Mzere wachiwiri ukutsegula doko 25 (doko ndi nambala ya khomo lolowera pa seva), la SMTP, lotumizira makalata. Wachitatu ndi doko 110, la POP3, lotengera makalata. Amene amagwiritsa ntchito IMAP, njira ina yotengera makalata, awonjezere 143. Masiku ano mufunikanso 587 potumiza, komanso 993 ndi 995, omwe amabisa pasiwedi ikamayenda.

Taonani mawu akuti host, amene akuloza makina amodzi okha. Ine pano ndiye sindinyengerera. Musatsegule doko 25 kupita kulikonse. Mukatero, kompyuta imodzi yogwidwa ndi vairasi idzamwaza makalata achabechabe dziko lonse, maadiresi anu adzalowa m'mindandanda ya oletsedwa, ndipo makalata a makasitomala osalakwa adzayamba kubwezedwa. Lozani sefa ku seva yanu ya imelo yokha.

Tsopano mzere woyamba uja, umene ambiri amaiwala. Pulogalamu ya imelo imadziwa seva ndi dzina, osati nambala, ndiye imayamba yafunsa DNS, yomwe imasandutsa dzina kukhala nambala, pa doko 53. DNS ikatsekedwa, kasitomala amalumikiza bwinobwino, koma makalata osatuluka, osalowa. Adzakuimbirani atakwiya, inu n'kumafufuza vuto pa seva ya imelo pomwe ilibe mlandu. Koma nayonso muilozetse ku seva yanu yokha, ngakhale kuti zimenezi zokha sizitsekeratu mapulogalamu, monga iodine, odutsitsa intaneti yonse mobisa m'mafunso a DNS. Ndi bwinonso kuwonjezera mzere wa tcp pa doko lomweli, poti mayankho aakulu amadutsa kumeneko.

Mu akaunti ya munthuyo pa RADIUS lembani Filter-Id kuti 110.in (110 pano ndi nambala ya sefa ija, osati doko). Kachidutswa ka in kakutanthauza kuti sefa igwire zochokera kwa woimbayo kulowa mu netiweki yanu. Mukasefanso mbali inayo, kumbukirani kulola mayankho ochokera ku seva, komanso mauthenga a ICMP, amene makina amachenjezana nawo, onena kuti paketi (kachidutswa ka uthenga) yakula. Mukawatseka, kalata yaifupi imadutsa koma yokhala ndi chithunzi imangoima panjira.

Nanga Gmail ya pa burawuza? Imeneyo imadutsa pa doko 443 limodzi ndi mawebusayiti ena ambiri, choncho kusefa ndi doko lokha sikungailekanitse. Sefa yathuyi ndi ya amene amatenga makalata ndi pulogalamu ngati Thunderbird.

Mukamaliza, imbani nokha ndi akaunti yoyesera. Tumizani kalata yokhala ndi fayilo yaikulu, ilandireni, kenako tsegulani webusayiti iliyonse: iyenera kukana. Lembani show access-lists 110 kuti muone mzere umene ukugwira mapaketi. Mafunso anu tisiyireni m'munsimu.