Mmene mungadziwire chida chakale chozokotera zitsulo

Zikomo amayi ndi abambo. Kachida aka ndikapereka kuti kayende m'manja mwanu, koma chonde gwirani kumtengoko, nsongayo ikadali yakuthwa.

Ambiri akakapeza m'bokosi la zida zakale amati ndi tchizulo chothyoka, ena amati ndi chobowolera nsapato. Si zimenezo ayi. Ichi ndi chida chozokotera zilembo ndi zithunzi pa mkuwa, siliva kapena golide. Pachingelezi amachitcha graver, Afalansa amati burin.

Yambani mwayang'ana chogwirira. Ndi chachifupi, chobulungira ngati bowa, koma mbali imodzi anachita kuisema kuti ikhale yafulati. Mbali yosemedwayo imayang'ana pansi, kuti chida chigone pafupi ndi chitsulo chimene akuzokotacho, komanso kuti chisagubuduke patebulo. Tsopano taonani pamutu pa mtengowo. Palibe chipsera cha hamala ngakhale chimodzi. Tchizulo chimamenyedwa, ndipo mutu wake umaphwanyika. Ichi sachimenya. Mutuwo umakhala pakati pa chikhatho, chala chachikulu ndi chamkombaphala zimagwira chitsulocho, ndiye mmisiri amangokankha. Mukapeza chida chachitsulo chokhachokha, chopanda mtengo, mutu wake wotambasuka chifukwa chomenyedwa, chimenecho chikhoza kukhala chodindira. Chodindira chimakanikiza chitsulo kuti chilowe mkati, sichichotsa kanthu.

Tibwere kunsonga, pamene pali nkhani yonse. Chitsulochi si chobulungira ngati msomali, chili ndi mbali zinayi. Kumapeto anachidula mopendekera, pafupifupi madigiri 45, ndipo mukayang'ana pamene anadulapo muona kankhope kosalala kowala, ka ngodya zinayi. Ngodya yapansiyo ndi imene imalowa mu mkuwa, nkumatulutsa kaulusi ka chitsulo kopotana patsogolo pake. Mzere wake umatsala woyera bwino, wopanda zokanda m'mbali. Kankhopeko kakakhala kofanana mbali zonse, chidacho chimadula mzere wotakata koma wosazama. Kakakhala kopyapyala, kotalikira pamwamba ndi pansi, mzere umakhala woonda koma wozama. Zilipo zina za nsonga yafulati zochotsera chitsulo pamalo aakulu, zina za pansi pobulungira, ndi zina zokhala ndi timizere pansi pake zodula mizere ingapo nthawi imodzi.

Bambo uko afunsa chifukwa chake chili chachifupi chonchi, ngati chinathyoka. Sichinathyoke, bambo. Zida izi zimagulitsidwa zazitali, ndipo mmisiri amadula yekha kuti nsonga izingopitirira chala chachikulu pang'ono. Kunola kwa zaka zambiri kumachifupikitsanso. Ine ndikaona chachifupi, chogwirira chake chakuda ndi thukuta, ndimachilemekeza kuposa chatsopano, chifukwa ndimadziwa kuti chinagwira ntchito.

M'bokosi lomwelo mungapezemo abale ake. Cha mbali zitatu zakuthwa ndi chopalira. Chosalala chopanda mpeni, chopindika pang'ono kumapeto, ndi chokwechera pofufuta mizere yolakwika. Mukapezamo kapilo kachikopa kodzaza mchenga, musakataye. Mmisiri amaika mkuwa pamenepo, ndipo pozokota mzere wokhota satembenuza chida, amatembenuza mkuwawo ndi dzanja linalo.

Luso losindikiza zithunzi zozokotedwa pa mkuwa linayamba ndi amisiri a golide ku Germany cha m'ma 1430. Albrecht Dürer wa ku Nuremberg, amene anabadwa mu 1471 ndi kumwalira mu 1528, anali mwana wa mmisiri wa golide, ndipo zithunzi zake zotchuka za mu 1513 ndi 1514 anazidula mzere umodziumodzi ndi chida chonga chimene chili m'manja mwa amayi apo. Nkhope ya Mfumukazi Victoria wa ku Britain pa sitampa yoyamba yomata, Penny Black ya mu 1840, inazokotedwanso pamanja.

Kuti mudziwe kumene chinapangidwa, pukutani chitsulocho pafupi ndi chogwirira. Nthawi zambiri pamakhala nambala yosonyeza kukula kwa nsonga, pena ndi dzina. Mukawerenga kuti Vallorbe, limenelo ndi tauni ya ku Switzerland yodziwika ndi kupanga matupa ndi zida zotere.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse ndi ichi: musachiike pa makina onolera othamanga aja. Nsonga ikatentha mpaka kusanduka yabuluu, chitsulo chafewa, sichidulanso, ndipo nambala ndi dzina lija zimapita ndi dzimbiri lomwelo. Dzimbiri chotsani ndi mafuta ndi kansalu, modekha. Ponola, gonekani kankhope kaja pamwala wosalala wothira mafuta, osapendeketsa dzanja. Mukatha, gusitsani nsonga pachikhadabo cha chala chachikulu mopepuka. Ikaterereka, bwererani pamwala. Ikakola pachikhadabopo, yathwa.